Tsiku Limene Ababa Anavala Kapusi

Ababa anga anakhala zaka zambiri akuitanira anthu ku swala pa mzikiti wa m'mudzi mwathu ku Chikweo. Kasanu pa tsiku, mvula kaya dzuwa, mawu awo ndiwo ankadzutsa mudzi ndi kuugoneka. Ntchitoyo inalibe malipiro, koma ulemu wawo wonse unali pamenepo. Iwo anali mkamwini. Munda unali wa kuchikazi, malo a nyumba a kuchikazi, ngakhale mtengo wa mango wa pabwalo unali wa amalume a amayi. Chawochawo m'mudzimo chinali azana, kuitanira ku swala kuja, basi. Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse chifukwa chimene ndinatsala pang'ono kukomoka ndi mantha m'katiyirumu kena ku Nkaya, masanasana, anthu ena onse akungomwa tiyi n'kumaseka.

Ababa sankafuna kumva za magitala. Tili ana, wailesi ikangomaliza nkhani n'kuyamba nyimbo, ankachotsa mabatire n'kuwaponya m'thumba la mkanjo. Anyamata akapanga gitala ya chigubu, ankawaitana n'kuwalangiza mpaka anawo miyendo kuchita dzanzi. Si kuti Asilamu onse kwathu ankadana ndi nyimbo, ayi. Pa zikwati anthu ankavina fumbi koboo. Koma akuluakulu a mzikiti wathu anali okhwimitsa zinthu, ndipo ababa ankawaposa onsewo. Ine ndinakula ndikuwaopa, ndili ndi kamkwiyo ka mabatire aja, kamene mpaka lero sikanathe bwinobwino.

Chaka chimenecho ndinali nditakhazikika kale ku Balaka, ndikusoka zovala pakhonde la sitolo ina kufupi ndi msika. Ababa anabwera kudzaonana ndi adokotala chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Amayi anandiimbira foni asanafike n'komwe, n'kundipatsa malamulo: amwe mankhwala, asadye mchere, asayende padzuwa, ndipo Lachinayi akhale atabwerera chifukwa Lachisanu ndi tsiku lalikulu ku mzikiti. Ndinavomera zonse. Amayi anga sukangana nawo pa foni, umangotha mayunitsi.

Lachiwiri titachoka kuchipatala, ababa anakhala pampando wa pafupi ndi makina anga osokera. Kenako anati, "Mama, mawa undiperekeze ku Nkaya."

Akanditchula kuti mama ndinkadziwa kuti pali chimene akufuna.

"Ku Nkaya kuli chiyani, baba? Kuli maliro?"

"Iyayi. Kuli munthu."

Anandifotokozera akuyang'ana pansi. Pamzere wa kuchipatala anamva anthu awiri akukamba za mkulu wina woimba gitala, amene amaimba m'tiyirumu pafupi ndi siteshoni tsiku lililonse la msika. Mkuluyo anali mnzawo wa paunyamata. Asanakwatire, ababa ankayenda naye m'zikwati, mnzawoyo pa gitala, iwo akumenya botolo ndi msomali n'kumavomereza nyimbo. Atapita kukafunsira amayi, amalume a amayi anati sangapereke mwana wawo kwa munthu womenya mabotolo. Ababa anasiya tsiku lomwelo, ndipo sanakatsanzike n'komwe kwa mnzawo uja.

Ndinasiya kupalasa makina. Munthu amene anatilanda mabatire ubwana wathu wonse, womenya botolo! Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kukalipa, koma chimene chinatuluka ndi mantha.

"Baba, akakuonani anthu a kwathu? Ku Nkaya kumabwera amalonda a ku Chikweo. Nkhani ikakafika ku mzikiti, azana mwaluza."

"Ndikudziwa. Sindikukaimba ine. Ndikungofuna ndikamumve kamodzi, ndikhale kumbuyo, tizibwerera. Akuti maso ake anachita ng'ala, sangandione."

M'mawa mwake ndinawapeza atavula mkanjo ndi mzuli, atavala shati ya mwamuna wanga ndi kapusi yofiira imene mwamuna wangayo amavala popita kukaonera mpira. Ndevu zoyera zija pansi pa kapusi ya mpira, ndinachita kuyang'ana kumbali. Amayi ataimba foni kufunsa za odwala, ndinanama kuti agona. Tinakwera kabaza ya njinga yamoto, ababa pakati, ine kumbuyo nditagwira shati ija.

Ine ndinkaganiza kuti tikupita ku tiyirumu yaikulu ngati holo, kumene munthu ungakhale kumbuyo n'kusowa m'chigulu. Kumbuyo kwake kuti? Katiyirumuko kanali kachipinda kamodzi ka njerwa zosawotcha, mabenchi atatu, tebulo limodzi la masikono ndi zigumu, ndi zenera limodzi lotchingidwa ndi thumba la feteleza. Anthu anali osakwana makumi awiri, koma munali modzaza moti mwini tiyirumu ankapatsira makapu pamwamba pa mitu ya anthu. Malo okhawo otsala anali pa benchi yakutsogolo. Titakhala, bondo la ababa linatsala pang'ono kugunda bondo la woimbayo.

Anali mkulu wowonda, wa jekete lalikulu kumuposa, maso ake oyera mbee. Gitala yake inali yakalekale, yomatidwamatidwa, zingwe zina za waya wa mabuleki a njinga. Panalibe zokuzira mawu. Sindinayambe ndamvapo nyimbo pafupi chotero. Unkamva zala zake zikukhwekhwereza pa waya, unkamva akukoka mpweya asanayambe mzere, ngakhale kulira kwa benchi akamagwedezeka. Akaimba mawu apansi, tiyi wa m'kapu yanga ankanjenjemera. Ndikanakhala kuti ndinabwera ndekha ndikanasangalala, koma ine maso anali pakhomo.

Kenako ndinazindikira chinthu chimene palibe anatichenjeza. Mkuluyo anali ndi mwambo wake. Munthu akalowa, ankafunsa osasiya kuimba kuti, "Walowa ndani?" Mwini tiyirumu ankayankha, ndipo mkuluyo ankamulowetsa munthuyo m'nyimbo pomwepo: dzina lake, mudzi wake, mfunda wake, ndi kachipongwe pang'ono kuti anthu aseke. Anthu ankabwerera zimenezo. Wogulitsa makala wina ataimbidwa kuti amasamba pa Khirisimasi pokha, anaimirira n'kuvina monyadira. Palibe ankalowa m'chipindamo n'kutuluka osaimbidwa.

"Pakhala anthu awiri apa, ndamva benchi yalira," anatero mkuluyo. "Ndani?"

Mwini tiyirumu anatiyang'ana. Ababa anatsitsa kapusi mpaka pamphuno. Kwa ine bodza linatuluka lokha.

"Ndife alendo, agogo. A ku Ntcheu."

"Eee, Angoni!" anakuwa mkuluyo mokondwa, n'kusintha kaimbidwe nthawi yomweyo. Anayamba kutiimba kuti Angoni a ku Ntcheu atsika phiri, mowa wawathera kwawo, abwera kudzaufuna m'tiyirumu, apatseni chipanda asafe ndi ludzu. Chipinda chonse chinafa nacho chiseko. Ababa anga, amene mowa sanaulawepo chibadwire, munthu woitanira anthu ku swala, akuimbidwa za chipanda! Ndinawasuzumira ndili ndi nkhawa kuti magazi aja akwera. Mapewa awo ankagwedezeka. Ankaseka.

Mtima unayamba kutsika pang'ono. Ndinaganiza kuti choopsa chadutsa, timwe tiyi, timve nyimbo ziwiri, tizipita. Ndipo ndi pamene analowa mayi wina wogulitsa matemba, wa mudzi woyandikana ndi wathu ku Chikweo, dengu lake pamutu, fungo la nsomba patsogolo. Ndinkamudziwa bwino. Ndi mayi wabwino, wothandiza pamaliro, koma nkhani ikalowa m'khutu mwake sigona. Anatula dengu pakhomo, mkulu uja anamuimba za matemba ake, iye anaseka n'kudzipanikiza pa benchi ya kumbuyo kwathu, kumbuyo kwenikweni kwa ababa. Ndinamva mawondo ake akundigunda msana.

Ndinakoka mpango wanga kuphimba tsaya. Ndinanong'oneza ababa kuti, "Tiyeni tizipita." Anapukusa mutu. Ndinawatsina pantchafu, chinthu chimene sindinachitepo moyo wanga wonse. Sanasunthe. Ndipo kunena zoona, kutuluka kukanakhala koipa kuposa kukhala, chifukwa tikanayenera kutembenuka n'kudutsa pamaso pa mayiyo. Ndinangokhala ndikupempha Mulungu kuti sitima ilire anthu abalalike.

Pamene ndinkalimbana ndi za kumbuyo, sindinaone zimene zinkachitika pambali panga. Ndinangomva kaphokoso: nge, nge-nge, nge. Ababa anali atagwira sipuni ya tiyi, akumenya m'mphepete mwa kapu yachitsulo. Sankamenya mwamphamvu, ndipo ndikhulupirira kuti iwo eni sankadziwa. Koma m'kachipinda ngati kaja palibe chobisika. Kamenyedwe kake kanali kachilendo: pamene aliyense akanamenya, iwo ankasiya mpata, n'kudzamenya kawiri mochedwerapo, ndipo nyimbo inkachita ngati yadzuka.

Mkulu uja anapendeketsa mutu. Anaimbabe mzere umodzi, kenako anaika chikhatho pa zingwe. Chipinda chinati zii.

"Mngoni ameneyu," anatero pang'onopang'ono, "sipuni anaphunzira kuti?"

Ababa anaika sipuni pansi.

"Pa dziko lino munthu wosiya mpata pamenepo ndi mmodzi yekha. Anandithawa kalekale osatsanzika. Ndinamva kuti anapita kuchikamwini, akazi ake anamuika m'thumba."

Anthu anaseka, akuyesa ndi nthabwala zake za masiku onse. Ine ndinadziwa kuti chotsatira ndi dzina, mudzi ndi mfunda, monga mwa mwambo wake, ndipo mayi wa matemba anali atasendera kutsogolo kuti aone bwino. Mkuluyo analozetsa maso oyera aja pa ababa ngati akuwaona. Kenako anapumira m'mwamba.

"Iyayi, ndalakwitsa. Ukalamba uwu. Munthu akabwera ndi dzina la eni, ali ndi chifukwa chake. Imwani tiyi, Angoni."

Ndikanatha kumugwadira mkulu ameneyo. Anadziwa, ndipo anatisiya. Kwa nthawi yoyamba, mwini tiyirumu anandiuza pambuyo pake, munthu analowa m'menemo osaimbidwa dzina lake lenileni. Ndinagwira mkono wa ababa kuti tsopano basi, mwamumva, wakumvani, tiyeni.

Koma mkuluyo anali atayamba kale nyimbo ina, yodekha, imene anthu a m'chipindamo ankaoneka kuti sakuidziwa. Anaimba mzere umodzi: "Sitima yaima pa Nkaya, anzanga mukwera kodi?" Kenako anatseka pakamwa, gitala yokha n'kumapitirira. Panali malo a munthu wovomereza, ndipo panalibe wovomereza. Anabwerezanso mzere uja, n'kusiyanso mpata womwewo. Sanayang'ane kwa ababa, anaweramira gitala yake. Mpata umenewo unali wautali moti anthu anayamba kuyang'anana. Ine ndinaona misozi ikutsika m'ndevu za ababa n'kudonthera pa shati ya mwamuna wanga, ndipo ndinafinya mkono wawo ndi mphamvu zanga zonse.

Kachitatu, ababa anavomera.

"Pitani, ine ndatsala, mtima wanga uli kummawa."

Kapusi imabisa nkhope, koma mawu aja ndi amene Chikweo yathu yonse inkawamva kasanu pa tsiku. Anatuluka athunthu, okwera, onjenjemera kumapeto monga ankachitira pa azana ya m'bandakucha, ndipo anadzaza kachipinda konse mpaka malata. Kumbuyo kwanga ndinamva mayi wa matemba akuti, "Laaila!" Ndinadziwa kuti zatha.

Ababa anavula kapusi okha n'kuiika pabondo. Mkulu uja sanasiye kuimba, koma anatambasula mwendo n'kuponda phazi la ababa, n'kulisiya pomwepo. "Apatseni botolo," anatero pakati pa nyimbo. Mwini tiyirumu anatulutsa botolo la zakumwa lopanda kanthu, wina anazula msomali pa chitseko, ndipo madala awiri aja anaimba ngati anasiyana dzulo. Sankayang'anana, sankauzana kanthu. Wina akapuma, mnzake ankadziwa. Anthu anasiya tiyi kuzizira, ena anadzaza pazenera kunja, atang'amba thumba la feteleza lija. Ine ndinakhala pakati pa zonsezo ndikulira, theka chifukwa cha kukoma kwake, theka chifukwa ndinkaona kale nkhope za akuluakulu a mzikiti. Ndinakwiyanso, ndisabise. Munthu wodziwa kuimba chonchi, n'kutilanda ife mabatire!

Anaimba nyimbo zinayi kapena zisanu. Nthawi ya swala ya masana itakwana, ababa anaika botolo pansi, anapempha madzi, n'kukaswali kuseri kwa tiyirumu pa chitenje changa. Potsanzikana, mkulu uja anawagwira ndevu n'kunena kuti, "Ulendo uno mwatsanzika, achimwene."

Panja mayi wa matemba anali akutidikira, akumwetulira mpaka m'makutu.

"Ali uli, baba?" anawapatsa moni m'Chiyao, atagwada mwaulemu wonse.

Ndinamukokera pambali n'kumuchonderera. "Chonde amama, zimene mwaona zithere pompano. Mukudziwa mmene alili akuluakulu kwathu."

"Iii, chemwali, ine? Ndaona chiyani ine? Ndangoona Angoni a ku Ntcheu."

Ababa anabwerera ku Chikweo Lachinayi, monga analamulira amayi. Nkhani inali itafika kale Lachitatu madzulo. Mayi uja sindimuimba mlandu kwenikweni. Ndikanakhala ine, nkhani yotero ikanandiphulitsa.

Itatha swala ya Lachisanu, akuluakulu anabwera kunyumba. Sanatchule za Nkaya, sanatchule botolo. Anati amva kuti adokotala apeza kuthamanga kwa magazi, ndipo si bwino munthu wodwala azidzuka m'bandakucha n'kumakweza mawu. Anathokoza ababa chifukwa cha zaka zonse zija, n'kupereka azana kwa munthu wina wocheperapo msinkhu. Madzulo ake amayi anandiimbira. "Ndinakupatsa munthu wodwala, iwe wandibwezera wa bandi," anatero, n'kudula foni. Mwezi wathunthu sanandiyankhe.

Mwezi umenewo ndinasoka zinthu zokhota. Ndinkangoganiza kuti ndikanakana kuwaperekeza, ndikanati kabaza palibe, ndikanawatulutsa mayi uja atangolowa. Munthu wamkulu, mkamwini wopanda munda, chinthu chake chimodzi chokha ndinathandiza kumutayitsa ndine.

Ndinapita kumudzi nthawi yokumba chinangwa. Ndinafika masana, ndipo ndisanatule n'komwe chikwama, azana inayamba ku mzikiti, mawu a munthu wina. Ababa anali pakhonde, atavala mkanjo ndi mzuli wawo. Ndinaona milomo yawo ikuyenda motsatira, popanda mawu, ndipo pamene woitanayo anafupikitsa mzere, iwo anatsinzina. Kenako anadzuka n'kupita kukaswali kumbuyo kwa anzawo ngati wina aliyense. Zinandipweteka kuposa foni ya amayi ija.

Atabwerako ndinagwada pafupi nawo. "Baba, mundikhululukire. Ndikanakuletsani."

"Unandibereka kumbuyo kodi?" anandifunsa. "Ndinakwera ndekha njinga ija. Pakamwa ndinatsegula ndekha."

"Koma azana..."

"Imandiwawa," anatero. "Sindikunamize, imandiwawa tsiku lililonse, kasanu." Anandiyang'ana. "Koma munthu uja anandisiyira mpata katatu. Ukanakhala iwe ukanatani?"

Ndinapita kukawiritsa tiyi.

Amayi anali pabwalo akusenda chinangwa choti ayanike makaka. Moni wanga anauyankha ndi mphuno. Ndinawaikira tiyi pambali, wina ndinapatsa ababa pakhonde, ine n'kukhala pakati pawo ngati mlendo. Kenako ndinamva kaphokoso kaja: nge, nge-nge, nge. Ababa, sipuni m'manja, pakhonde la nyumba ya kuchikazi, pansi pa mango wa amalume aja, dzuwa likuwala. Mantha onse a ku Nkaya anandibwerera. Ndinayang'ana mpeni umene unali m'manja mwa amayi, ndikudikira kuti mudzi wonse umva lero.

Amayi sanadzutse mutu. Anamaliza kusenda chinangwa chimene anagwira, anachiponya m'lichero, n'kutola china.

"Mukuthamanga," anatero. "Kale simunkathamanga choncho."

Ababa anaima kaye. Kenako anayambiranso, pang'onopang'ono.